Mphini za Araksi

Ine ndine Araksi, mwana wa Hampartsum wosula mkuwa wa ku Marash. M'mwezi wachitatu wa chaka cha 1919 ndinali nditatha milungu isanu ndi umodzi m'nyumba ya akazi opulumutsidwa mumzinda wa Haleb. Tinalimo oposa zana, tonse Aarmeniya, otoledwa m'mahema a Aluya ndi m'makhitchini a mabwana athu nkhondo itatha. Pa anthu asanu ndi anayi a m'nyumba mwathu amene asilikali anawatulutsa mu 1915 n'kuwalozera njira ya kuchipululu, ndinatsala ndekha. Ndinapulumuka chifukwa mwamuna wina woweta ngamila ananditola pachitsime n'kukandiika m'hema mwake. Akazi ake anandidula mphini pachibwano, mizere itatu yobiriwira yotsika kuchokera pamlomo, kuti ndikathawa ndizidziwika kuti ndili ndi mwini.

Sopo analephera kuzichotsa. Mandimu nawo analephera. Choncho ndinkamanga mpango mpaka pansi pa mphuno, ngakhale pakati pa akazi anzanga.

Tsiku lina m'mawa ndikupeta tirigu kuseri kwa khitchini, kunatulukira Mayi Ovsanna. Amenewa anali mayi wa ku Zeitun, wa zaka makumi asanu. Nkhondo inawalanda mwamuna ndi ana aamuna anayi, koma lilime inawasiyira lathunthu.

"Araksi, pachipata pali mwamuna akukufuna. Ndi wotsimphina, woonda ngati bango, koma ndevu zake n'zosamalika. Ukamukana undiuze, ndikayese mwayi wanga."

"Musandiseke, Mayi Ovsanna. Amuna ondidziwa ine onse ali m'nthaka."

"Ameneyu wafukuka. Akuti dzina lake ndi Setrak."

Lichero linandipulumuka, tirigu n'kumwazika bwalo lonse.

Setrak Boyajian anali mwamuna wondimangira mawu. Kwathu mnyamata akafunsira ndipo makolo akavomera, wansembe amabwera kunyumba kudzadalitsa mphete, ndipo mawu omangidwa tsiku limenelo samasulidwa wamba. Ife anatimangira mawu nthawi yokolola mphesa mu 1914, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Patangopita milungu itatu anamutengera ku usilikali, ndipo sindinamvenso za iye.

Ndinamupeza ataima pansi pa mtengo wa mabulosi, chipewa chili m'manja. Thupi linali litatha, mwendo wamanzere utakhota, koma kapendeketsedwe ka mutu kanali komwe kaja.

"Araksi," anatero. "Ndi iwedi?"

"Ndine. Mwadziwa bwanji kuti ndili kuno?"

"Lamulungu wansembe amawerenga mayina a anthu opezeka. Atafika pa dzina lako ndinangokhala pansi pakati pa mapemphero. Anthu anayesa ndakomoka."

Tinakhala pabenchi, pakati pathu patatsala malo a munthu mmodzi. Anandiuza kuti iye ndi anzake anawalanda mfuti n'kuwatumiza kukaboola mapiri kuti njanji idutse, kuti mwala unamuphwanya mwendo, ndipo anathawa atabisala m'ngolo ya makala mpaka kufika ku Haleb, kumene anapeza amayi ake ali moyo. Ine ndinamuuza za bambo, amene anawapha pamtsinje tsiku lachitatu la ulendo, ndi za amayi, amene anagona pansi kufupi ndi Meskene osadzukanso. Za alongo anga aang'ono pakamwa panakana.

"Chotsa mpangowo ndikuone," anatero.

"Musandikakamize."

"Ndadikira zaka zinayi ndi theka."

Ndinamasula. Anandiyang'ana m'maso, kenako maso ake anatsikira pachibwano n'kuthawira kunsapato zake. Kunali kuphethira kumodzi kokha, koma ndinakuona.

"Si kanthu," anatero. "Ambiri ali nazo. Ukadali Araksi wanga."

"Munandifunafuna?"

"Anandiuza kuti unamwalira kuchipululu, ku Der Zor."

"Anakuuzani ndani?"

"Anthu. Masiku amenewo aliyense wosaoneka ankati wamwalira." Anatulutsa kathumba ka mphesa zouma n'kundifumbatitsa. "Lachinayi ndidzakutenga ukaonane ndi amayi. Sitima zapamtunda zayamba kubwezera anthu kwawo. Tidzabwerera ku Marash, ndidzadzutsa munda wa mphesa uja, iwe udzandiberekera ana khumi."

Ndinaseka. Mayi Ovsanna, amene ankasuzumira pawindo nthawi yonseyi, anandiuza pambuyo pake kuti kuseka kwanga kunamveka ngati chitseko chadzimbiri, koma nawonso m'maso munali mutanyowa.

* * *

M'mawa mwake kunabwera Zaruhi, msuweni wanga, mwana wa amalume a Garabed. Amalumewo anasamukira ku Haleb nkhondo isanayambe, ndipo popeza ankasokera malaya akuluakulu a asilikali, banja lawo silinakhudzidwe. Ine ndi Zaruhi tinakula limodzi mpaka zaka khumi, kufunda bulangete limodzi, kukwapulidwa ndi agogo amodzi. Nditangofika ku Haleb ndinawatumizira uthenga kawiri, koma sikunabwere munthu.

Anandikumbatira akulira. Anachotsa yekha mpango wanga, n'kundipsompsona pamphini penipeni. Mawu onse amene ndinakonza kuti ndimudzudzule nawo anasungunuka.

"Bambo amadwala chifuwa," anatero. "Uthenga wako unatipeza mochedwa. Taona, ndakubweretsera diresi langa labuluu. Ungolibweza m'chiuno."

Tinakhala pabedi langa, titagwirana manja ngati kale.

"Msuweni, nanga kalata yanga ija? Chaka cha 1917 ndinalemba ndi khala pakapepala, n'kupatsira wogulitsa mchere amene ankabwera kuno. Analumbira kuti akaipereka m'manja mwa amalume."

"Kalata yanji? Sitinalandire kanthu. Tikanalandira, ukuganiza kuti bambo akanapeza tulo?"

"Nanga lamba wa amayi?"

Lamba ameneyu ndi wa siliva, wa akwatibwi a m'banja lathu. Mkati mwa zigawo zake munazokotedwa mayina a akazi asanu ndi awiri amene anakwatiwa atamuvala, lomaliza la amayi anga, Nazeli. Chigawo chachisanu ndi chitatu chinali chosalemba, chikudikira ine. Gulu lathu litaimitsidwa kunja kwa Haleb pa ulendo wa kuchipululu uja, Zaruhi ndi amayi ake anazemba n'kutibweretsera buledi. Amayi anamasula lambayo pansi pa zovala zawo n'kuwapatsa kuti andisungire.

Zaruhi anawerama. "Usandide, msuweni. Chaka cha njala tinasinthitsa ndi matumba awiri a tirigu."

Ndinkaidziwa njala. Sindikanadzudzula munthu chifukwa chofuna kudya.

Mwina ndi kupsompsona kuja, mwina ndi fungo la tsitsi lake limene linandikumbutsa kwathu, koma ndinapezeka ndikunena chimene sindinauzepo munthu, ngakhale wansembe.

"Zaruhi, ndinasiya mwana kuchipululu."

Zaruhi anandifinya manja.

"Wamkazi. Ali ndi chaka ndi theka. Ndinamubatiza ndekha ndi madzi a m'thumba lachikopa, n'kumutcha Nazeli. Tsiku limene kunabwera otitenga, amayi a mwamuna uja anathawa naye kuchigwa. Ndinakana kukwera ngolo, anachita kundinyamula. Mkaka wauma mwezi wathawu."

"Setrak akudziwa?"

"Ndimuuza ndekha ndikapeza mphamvu. Lumbira kuti sunena."

Anatenga mtanda wake wapakhosi n'kuupsompsona. "Zimenezi zifera mwa ine."

Atapita ndinavala diresi lija n'kudziyang'ana pagalasi la windo. Sindinadzifunse n'komwe kuti wadziwa bwanji zoti Setrak ali moyo, chikhalirecho ine ndinali ndisanamutchule.

* * *

Lachinayi ndinasamba m'mamawa, Mayi Ovsanna n'kundiluka tsitsi. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. M'malo mwa Setrak kunabwera kapepala kamene kanasiyidwa kwa mayi wapachipata.

"Araksi, amayi adzuka ndi mutu. Tidikire Lolemba. Usadandaule. Setrak."

Lolemba kunabweranso kena.

"Araksi, pali zina zoti ndikonze kaye. Undikhulupirire."

Ndinkatiwerenga timapepalato mobwerezabwereza mpaka tinayamba kung'ambika mopindamo. Ndinkayesa kupezamo mawu amene sanalembedwe. Lachinayi linalo Mayi Ovsanna anandilanda n'kutiika m'thumba mwawo.

"Mutu wa apongozi akowo ndi waukulu bwanji kuti upweteke mlungu wathunthu? Munthu akukhala mumzinda womwe uno, miyendo ali nawo umodzi ndi theka, koma akukulembera makalata ngati ali ku Amereka."

"Mwina akuwakonzekeretsa za mphinizi."

"Mwina. Dzuka tikawathandize kukonzeka. Kumene amakhala ndakudziwa, ndinafunsa wophika buledi."

"Mkazi sapita yekha kwa apongozi asanaitanidwe."

"Iwe, malamulo amenewo anatsala ku Marash limodzi ndi mapoto. Komanso sukupita wekha. Ukupita ndi ine, ndipo ine sindinaitanidwepo kulikonse chibadwire."

* * *

Ankakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa khola la abulu, kuseri kwa tchalitchi. Chitseko chinali chotsegula. Mayi Takuhi, amake a Setrak, anali atakhala pamatiresi atavala zakuda, akusankha mphodza m'mbale. Kale amenewa ankanditsina tsaya pamsika n'kumauza anzawo kuti, uyu ndi mpongozi wanga, musamuyang'anitsitse. Setrak anali pawindo akusoka nsapato. Pambaula panali mkazi atatifulatira, akuphika khofi.

Mkaziyo anacheuka. Anali Zaruhi.

Setrak anaimirira, nsapato n'kugwa. Ine ndinapita kukagwada kuti ndipsompsone dzanja la Mayi Takuhi monga mwa mwambo. Analibweza n'kulibisa pansi pa mbale.

"Wakuitana ndani?"

"Ndinamva kuti mukudwala, amayi. Ndabwera kudzakuonani."

"Ndachira. Chotsa nsaluyo."

Ndinachotsa. Iwo sanathawitse maso ngati mwana wawo. Anayang'anitsitsa mzere uliwonse.

"Ndinali ndi ana anayi," anatero. "Watsala uyu. Mwamuna wanga, abale ake, ana awo, a Boyajian onse anathera m'mphepete mwa msewu, agalu akuwadikira. Dzina limeneli latsala mwa Setrak yekha. Ndiye ndimupatse mkazi wolembedwa ngati ngamila? Adzukulu anga azidzayamwa akuyang'ana zimenezo?"

"Sindinapemphe kuti andidule, amayi. Anandigwira akazi anayi."

"Sindikukutsutsa. Unazunzika, Mulungu akuone. Koma m'nyumba muno ayi."

Mayi Ovsanna anatsokomola. "Mayi, ine sindikudziwani, koma ndikuona muli moyo. Tonse amene tili moyo tinachita zina kuti tifike lero. Musandiuze kuti inu munkadya mapemphero."

"Ndinapempha m'misewu. Ndinadya udzu ngati mbuzi. Koma sindinaberekere Mluya mwana."

Pansi pathu bulu ankatafuna. Ndinayang'ana Setrak, iye n'kuyang'ana kukhoma, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi si yachilendo kwa iye. Kenako ndinayang'ana Zaruhi. Khofi anali akusefukira pamakala, koma iye anali chiimire, mtanda uja ukulendewera pakhosi pake.

"Khofi akutayika, msuweni," ndinatero.

Anawerama kuti aphule. Nsalu imene anafunda inatseguka, ndipo m'chiuno mwake munanyezimira siliva.

Sindinakuwe. Ndinadabwa ndekha mmene mawu anga anatulukira oziziratu.

"Matumba awiri a tirigu. Tirigu wakoyo akuwala bwanji."

"Bambo anakamuwombola," anatero mofulumira. "Ndimafuna kukuuza, koma unali wofooka."

"Lambayo ndi wa mkwatibwi wa m'nyumba muno," anatero Mayi Takuhi. "Mawu tinamanga pa Khirisimasi. Ukwati uliko Pasaka akapita."

"Amayi, chonde," anatero Setrak. Anangonena zomwezo basi.

"Zaruhi, tembenuza chigawo chachisanu ndi chiwiri," ndinatero. "Palembedwa Nazeli. Anafera pamiyendo panga lilime litatupa ndi ludzu, ndipo mawu awo omaliza anali akuti ndisadandaule, lamba ali pabwino."

Zaruhi anadzutsa mutu, manyazi atasanduka mkwiyo. "Pachigawo chachisanu ndi chimodzi pali agogo a Srpuhi. Amenewo ndi agogo anganso. Zaka zinayi zimenezi ukuganiza kuti ine ndinkavina? Ndani ankaphikira Setrak? Ndani ankamutsuka bala lonunkha lija? Amayi awa ndinawatola pakhomo la tchalitchi ali ndi nsabwe mpaka m'zikope. Iwe kunalibe. Tonse tinkadziwa kuti unamwalira."

"Ndiye pepani kuti ndakukhumudwitsani," ndinatero.

Ndinamanganso mpango wanga. Mayi Ovsanna anandigwira mkono n'kunditsogolera pamakwerero.

* * *

Tinamva kugunda kwa mwendo wake kumbuyo kwathu tisanafike pampopi wa kutchalitchi.

"Araksi, ima. Undimve kaye."

"Ine ndikhala apo," anatero Mayi Ovsanna, akuloza mwala wapafupi. "Koma dziwani kuti makutu anga ndi aatali."

Setrak ankapuma movutikira. Anandiuza kuti atathawa kunjanji kuja anafikira kwa amalume a Garabed, poti sankadziwa wina aliyense mumzinda. Anamubisa m'chipinda chapansi, pakati pa mipukutu ya nsalu, zaka ziwiri zathunthu. Nkhope yokhayo imene ankaiona tsiku ndi tsiku inali ya Zaruhi.

"Ndinali ngati mtembo, Araksi. Iye ndiye ankandikumbutsa kuti ndine munthu."

"Zimenezo ndazimva. Ndikufunsaninso funso lija. Anakuuzani ndani kuti ndinamwalira?"

Anayang'ana pansi. Akazi awiri anabwera kudzatunga, n'kudzaza mitsuko yawo, n'kupita, iye akungotembenuza chipewa chake m'manja. Pamenepo ndinadziwa.

"Kalata yanga munaiona."

"Inafika," anatero chapansipansi. "Khala linali litafufutika, amalume ako samatha kuiwerenga bwino. Anatsika nayo kwa ine. Ndinazindikira dzanja lako ndisanawerenge liwu n'limodzi lomwe."

"Ndiye munatani?"

"Ndikanatani? Othawa usilikali ankawapachika pabwalo, anthu akuonerera. Amalume ako anati zikadziwika kuti akufunafuna othamangitsidwa, banja lonse lipita kuchipululu. Tinati tidikire. Titadikira chaka, zinayamba kupepuka kungonena kuti unamwalira."

"Asilikali aja anachoka mumzinda uno miyezi isanu yapitayo. M'kalatamo ndinalemba dzina la chitsime. Ndinalemba dzina la mwamunayo. Ndi ulendo wa masiku anayi."

"Ndinachita manyazi."

Chibadwire ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe. Tsiku limenelo ulemu unandithera.

"Unachita manyazi. Ine m'mawa uliwonse ndinkatuluka m'hema kukayang'ana njira ya ku Haleb. Fumbi likatuluka ndinkati ndi iwe. Pamene ndinkalemba kalata ija mwana anali asanabadwe, Setrak. Ndinkati mwina ufika nthawi ikadalipo, ndidzaberekere pakati pa anthu anga. Iwe unali pansi pa nsalu, ukudya supu wa msuweni wanga, kalata yanga ili m'thumba."

Analira. Mwamuna wamkulu, pakati pa msewu, misozi ikulowa m'ndevu. Anandigwira dzanja, ndipo sindinalibweze msanga monga ndinayenera.

"Sindinasiye kukukonda. Mvera. Wansembe wakana kundikwatitsa ndi Zaruhi. Akuti mawu a ku Marash akadali omangika, pokhapokha iwe ukaime pamaso pake Lamulungu lino n'kunena kuti wandimasula. Amayi ndi amalume ako abwera kudzakupempha. Usandimasule. Loweruka m'mawa kuli sitima ya anthu obwerera kwathu. Ndalembetsa mayina awiri. Tiye tizipita, tikakwatirane kumeneko. Amayi adzatitsatira mtima ukadzawatsika."

"Nanga mwana wanga?"

Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mwanayo ali ndi bambo ake. Umuiwale, Araksi. Tidzabereka athu. Ine sindidzakufunsa za kuchipululu, iwenso usadzazitchule."

"Dzina lake ndi Nazeli."

"Ndidzakudikira kusiteshoni," anatero, ngati sanamve.

Pobwerera Mayi Ovsanna sanandiseke, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chilichonse. Titafika pachipata ndi pamene anayankhula.

"Ukuganiza zopita."

"Sindinanene choncho."

"Nkhope yako yanena, ngakhale waibisa theka."

Sananame. Ndinali nditamva zonse ndi makutu anga, ndinkadziwa kuti munthuyu anandisiya kuchipululu akudziwa pamene ndili, koma mtima wanga wopusawu unali utayamba kale kulongedza. Ndinkaona munda wa mphesa, ndinkaona denga lathu la ku Marash. Ndinkadziuza kuti akadzakhala mwamuna wanga ndidzamufewetsa pang'onopang'ono, tsiku lina tidzapita limodzi kukatenga mwana.

* * *

Lachisanu masana ndikuyanika zovala, Mayi Ovsanna anabwera akukwinya mphuno.

"Njoka ija ili pachipata. Nditenge ndodo kapena uipha wekha?"

"Muloleni alowe."

Zaruhi anabwera yekha, maso atatupa, tsitsi losapesa. Anandipeza pakati pa mabulangete onyowa. Sindinamupatse pokhala.

"Ukufuna chiyani? Diresi lako? Lili m'chipinda, kalitenge."

"Msuweni..."

"Usanditchule choncho. Unapsompsona mtanda, Zaruhi. Unatuluka muno n'kuthamangira kukauza mayi uja za mwana wanga, misozi yanga isanaume paphewa pako."

"Ndinachita mantha. Atabwera kudzakuona kuja, anafika kunyumba akuimba. Zaka ziwiri ndinamusamalira, sanandiimbirepo. Ndinadziwa kuti ndamutaya."

"Sunamutaye. Sanali wako."

Anagwada m'matope a madzi ochapira, diresi lake labwino n'kunyowa. "Mumasule, Araksi. Ndakupempha. Lamulungu ukaime kwa wansembe unene kuti wamumasula."

"Chifukwa chiyani ndikuchitire zimenezo?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake, pansi pa nsalu. Ndinabereka ine, sindinafunikire kuuzidwa. Panali polimba.

"Mwezi wachitatu ukutha," ananong'ona. "Bambo akadziwa anditaya kumsewu. Mayi Takuhi sakudziwa. Akungoyesa ndikufulumizitsa ukwati chifukwa cha iwe."

Ndinabweza dzanja langa pang'onopang'ono.

"Setrak akudziwa?"

"Ndinamuuza kalekale, dzina lako lisanawerengedwe kutchalitchi."

Choncho pamene anakhala nane pabenchi n'kumandilonjeza ana khumi, ankadziwa. Pamene ankandiuza pampopi kuti ndiiwale mwana wanga, ankadziwa kuti nayenso akukonza zothawa wake. Ndinagwira chingwe choyanikira. Ndinafuna kuti Zaruhi amve kuwawa kumene ndinkamva, choncho ndinamuuza.

"Ukugwadira ine pachabe. Mwamuna wakoyo wandiuza kuti ndisamumasule. Walembetsa mayina awiri pa sitima ya mawa m'mawa. Akufuna tithawire ku Marash."

Ndinkayembekeza kuti alira. Sanalire. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Sitima ya mawa?"

"Eya."

"Dzulo madzulo anandiuza kuti wansembe akapitiriza kukana, tikakwatirana kwathu kumene kulibe otidziwa bwino. Anati ndilongedze mwakachetechete, ndisauze bambo." "Anati walembetsa mayina awiri. Lake ndi langa."

Tinayang'anizana nthawi yaitali, iye ali chigwadire m'matope, ine nditagwira chingwe. Kuseri kwa bulangete Mayi Ovsanna anapuma mokweza.

"Dzuka," ndinamuuza Zaruhi. "Ukalongedze monga wakuuzira. Mawa tikamudikira limodzi kusiteshoni, pabenchi limodzi, atiuze pamaso pathu kuti dzina lachiwirilo ndi la ndani."